Chala cha agogo pa fomu: lipoti la nkhani ya mwana wojambulidwa kusikelo

Ndimagwira ntchito yoteteza ana m'boma la Lilongwe. Nkhani zomwe zimafika patebulo panga kawirikawiri ndi za nkhanza, maukwati a ana ndi abambo othawa udindo. Iyi inali yamtundu wina. Panalibe womenyedwa kapena wothamangitsidwa pakhomo, koma mwana wodwala anasiya kulandira chithandizo ndipo banja linatsala pang'ono kutha chifukwa cha chithunzi chimodzi. Eni nkhani ndinawawerengera lipotili ndisanalitulutse, ndipo anavomera nditachotsa mayina awo, mudzi, chipatala ndi bungwe lomwe linakhudzidwa. Chichewa chandithandizanso, poti mawu oti "mwana" saulula ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi.

Momwe nkhani inandipezera

Anabwera ndi bambo a mwanayo, mnyamata woyendetsa kabaza wa njinga yamoto mumzinda muno. Mkazi wake ndi ana amakhala kumudzi kwa mkaziyo monga mwa chikamwini, ndipo iye amapitako kamodzi kapena kawiri pamwezi. Analowa chipewa cha njinga chili m'manja, mpando anaukana, n'kungondipatsa foni.

"Amayi, taonani. Uyu ndi mwana wanga. Anthu amenewa anapempha kwa ndani?"

Pachithunzipo panali mwana wa miyezi 20, ali pamiyendo pa agogo ake, alibe chovala chifukwa anali atangotsika pasikelo. Mapazi otupa, tsitsi lofiirira ndi lapatalipatali, nkhope yokwinya ya mwana wosakondwa. Pambali panali mapaketi a chiponde, ndipo agogowo anagwira kabuku ka kusikelo moti dzina la mwana ndi la mudzi zimawerengeka ukakulitsa chithunzicho. Pansi pake panali mawu achingerezi onena za njala ndi opempha akufuna kwabwino kuti athandize. Chinali patsamba la Facebook la bungwe lina lomwe limagwira ntchito limodzi ndi chipatala cha boma cha m'deralo. Bamboyo anachiona mnzake wa pasiteji atamuonetsa, koma panthawiyo n'kuti wina atachitenga kale n'kuchiponya pagulu la WhatsApp la anthu a kwawo, lija amalengezerapo maliro ndi zopereka.

Inali nyengo ya njala, chimanga chikadali m'munda, pambuyo pa ng'amba ya 2024 yomwe inachititsa Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera kulengeza mu Marichi chaka chimenecho kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Mabungwe anali pakalikiliki kusaka thandizo, ndipo zithunzi za ana onyentchera zinali paliponse.

Ndiulule pompano cholakwa changa. Ndinamuuza bamboyo kuti anditumizire chithunzicho pafoni yanga kuti chikhale umboni. Ndinazindikira madzulo ndili kunyumba, mwana wanga akuseweretsa foniyo, kuti nanenso ndalowa m'gulu la osunga chithunzi cha mwana wa eni ali maliseche. M'mawa mwake ndinachisindikiza papepala, n'kuchiika mu envulopu yomata m'fayilo, ndipo m'foni ndinachifufuta.

Zomwe zinachitika tsiku la sikelo

Ndinapita kumudziko patatha masiku 2. Ndinacheza ndi mayi a mwana, agogo, mlangizi wa zaumoyo ndi mmodzi wa amayi odzipereka omwe amathandiza kusikelo, aliyense payekha.

Tsiku lomwe mwana anajambulidwa, mayi ake anali ku ganyu yobandira chimanga, n'chifukwa chake mwana anapita ndi agogo. Sikelo imachitikira pakhonde la tchalitchi. Mlangizi atadina mapazi onse awiri a mwanayo ndi chala, panatsala timaenje, chizindikiro cha kutupa kobwera chifukwa chosowa zakudya m'thupi. Mwana wotere amawerengedwa kuti wanyentchera kwambiri ngakhale lamba woyezera mkono asanafike pofiira, pomwe ndi pansi pa masentimita 11.5. Mwanayo analawa chiponde n'kudya bwino, choncho anayenera kulandira chithandizo akuchokera kunyumba.

Ntchito ili mkati panafika galimoto ya alendo. Mlangizi anaimirira n'kuuza amayi onse kuti awa ndi anzathu omwe amatithandiza, akufuna kujambula pang'ono, musaope. Palibe anayankha. Mmodzi wa alendowo anasankha ana atatu, ndipo kwa owalera anapereka pepala lolembedwa m'Chingerezi ndi kabokosi ka inki. Agogo anadinda. Atangodinda analandira chiponde.

Nditawafunsa kuti ankadinda chiyani, anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

"Mwana wanga, chala timadinda polandira. Chimanga cha boma timadinda. A Mtukula Pakhomo amadinda. Ine ndimati ndi kaundula wa chiponde."

Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Bungwe lija nditalifunsa, linanditumizira fomuyo msangamsanga, chidindo cha chala chikuoneka bwino, tsiku lolembedwa, mboni itasaina. Papepala zonse zinali m'malo. Koma munthu amene ali pamzere, mdzukulu wotupa ali m'manja, chakudya chili pamaso pake m'katoni, ndipo amene akupempha wabwera pagalimoto limodzi ndi akuluakulu a kuboma, angakane bwanji? Ndinawafunsa agogo kuti akanamva zonse akanatani. Anati mwina akanavomerabe, kuopa kuti akakana mwana achotsedwa m'kaundula. Palibe anawaopseza choncho. Palibenso anawauza kuti kukana sikungawamanitse kanthu, ndipo kusanenako kunagwira ntchito ngati chiopsezo.

Za Facebook sankadziwa n'komwe kuti n'chiyani. Iwo ankaganiza kuti chithunzi chikakhala mu ofesi, pakhoma kapena m'kabati. Kenaka ananena mawu omwe sindinawaiwale: "Akanandiuza kuti chikaonedwa ndi dziko lonse, ndikanam'sambitsa mwanayu, inenso ndikanavala chitenje china."

Kufufuza kwanga kunaonetsanso kuti mwanayo sanajambulidwe kamodzi. Alendo asanafike, mlangizi anali atajambula mapazi ndi nkhope yake pafoni yakeyake n'kutumiza pagulu la WhatsApp la ogwira ntchito zaumoyo, kufunsa ngati kutupako kunali kofunika kugoneka mwana kuchipatala. Cholinga chinali chabwino ndipo yankho linabwera msanga. Koma gululo lili ndi anthu ambiri, ena anasamutsidwa kalekale koma sanatulukemo, ndipo mafoni ambiri amasunga okha chithunzi chilichonse chomwe chafika. Panalinso chithunzi cha tsamba la kaundula, mayina a ana onse a tsikulo ali poyera, chomwe chinatumizidwa monga umboni woti sikelo yachitika. Ziwirizi palibe anazipemphera chilolezo, ndipo mlangizi anadabwa nditazitchula. Kwa iye imeneyo inali ntchito basi.

Chomwe chithunzi chinanena kumudzi

Wojambula uja ankaona njala. Anthu a kumudzi anaona china. Pakati pa Achewa, mwana wamng'ono akatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi n'kusintha, akuluakulu ambiri sathamangira kunena za chakudya. Amati ndi tsempho, kutanthauza kuti mmodzi wa makolo wayenda njira zosayenera mwana akadali wamng'ono. Ndiye taganizani: bambo amakhala m'tauni yekha, ndalama ya tsiku ndi tsiku ali nayo, ndipo chithunzi cha mwana wake wotupa chili pafoni ya aliyense. Nkhani inali m'kamwam'kamwa kuchigayo ndi kumjigo. Alongo a mkazi anati mkamwini wam'sempha mwana. Abale a mwamuna anabweza kuti m'bale wawo amatumiza ndalama pafoni sabata ndi sabata, ndiye ngati mwana akufa ndi njala, apongozi afotokoze komwe ndalamazo zimapita. Ena pagulu la WhatsApp anayamba kuponya mawu okuluwika onena za matenda a masiku ano.

Pachifukwa chimenechi, chinthu choyamba chomwe ndinayang'ana pachithunzicho chinali kabuku. M'mabuku a kuchipatala mumalembedwa zambiri, kuphatikizapo zokhudza HIV, ndipo lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za munthu popanda chilolezo chake. Mwamwayi kabukuko kanali kotseka. Kakanakhala kotsegula, bwenzi tikukamba mlandu wina.

Mayi a mwana anachita manyazi mpaka anasiya kupita kusikelo. Anajomba maulendo 2 otsatizana. Chiponde chinatha, mwana anabwerera kuphala lamadzimadzi, ndipo pomwe ndinkafika kutupa kunali kutakwera m'miyendo. Mayi wodzipereka uja anandiuzanso kuti amayi ena angapo anayamba kufunsa kaye ngati kukubwera galimoto asananyamule ana awo. Pa zonse zomwe chithunzichi chinaononga, ichi ndi chomwe chinandiopsa kwambiri, poti mwana wotupa chotere sachedwa kutsogola.

Zomwe malamulo akunena

Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi, ndipo gawo 23 limanena za ufulu wa ana. Kuchokera mu 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Dziko lathu linavomerezanso mu 1991 pangano la United Nations la ufulu wa ana, lomwe gawo 16 lake limateteza chinsinsi cha mwana, ndipo lamulo lathu la 2010 la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana limatiuza kuika patsogolo zokomera mwanayo.

Chatsopano ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu la 2024, lomwe woyang'anira wake ndi MACRA, bungwe la boma loona za mauthenga ndi kulumikizana. Chithunzi chomwe munthu angazindikirike nacho ndi mbiri yake. Zokhudza umoyo zili m'gulu lofunika kusamalidwa mwapadera, za mwana zimafuna chilolezo cha kholo kapena womulera, ndipo wopereka chilolezo ali ndi ufulu wosintha maganizo. Chilolezocho chiyenera kukhala chochokera pansi pa mtima, munthu atamvetsa chomwe akuvomera. Pamuyeso umenewu, chala cha agogo pa pepala lachingerezi lomwe sanawerengeredwe sichikwanira. Ogwira ntchito ambiri omwe ndinacheza nawo anali asanamvepo za lamuloli, ndipo inenso ndinaliwerenga bwinobwino chifukwa cha nkhani yomweyi.

Panali funso lina lomwe tinakanganapo mu ofesi: kodi agogo anali ndi mphamvu yovomera? Anzanga ena anati inde, ndi omwe anabwera ndi mwana, ndipo kumudzi agogo ndi kholo. Ena anakumbutsa kuti pachikhalidwe chathu nkhani zikuluzikulu za ana zimadutsa kwa atsibweni, eni mbumba. Maganizo anga ndi awa. Kuyeza mwana ndi kumuyambitsa chiponde sikukanadikira, choncho mawu a agogo anali okwanira. Kuika nkhope ya mwana pa intaneti kunalibe changu chilichonse. Mayi ake anali m'munda wa pafupi, bambo ake ali ndi foni. Akanatha kudikira sabata yotsatira, kapena kungosiya.

Zomwe tinachita

Tinayamba ndi mwana. Tsiku lomwe ndinafika kumudziko mlangizi ndi namwino anamuona, ndipo poti anali atasiya kudya bwino anamugoneka masiku angapo kuchipinda cha ana onyentchera asanabwerere pa chiponde. Kwa masabata oyamba mlangizi ankapititsa yekha chiponde kunyumba kuti mayi asadutse pamaso pa anthu.

Bungwe lija ndinaliimbira kenaka n'kulilembera kalata, mayi ndi bambo atasaina, yonena kuti sakulola chithunzi cha mwana wawo kugwiritsidwa ntchito kulikonse. Sanavute. Anachichotsa pa Facebook tsiku lotsatira. Koma anavomera kuti chinali chitalowa kale mu lipoti lomwe linapita kwa owapatsa ndalama kunja, ndipo zomwe akanatha ndi kulemba kalata yopempha kuti chisasindikizidwenso. Woyang'anira gulu la WhatsApp la kumudzi anapempha anthu kuti afufute, ena anafufuta, ena ndani angadziwe. Atsibweni a mwanayo anangoti madzi akatayika sawoleka. Pagulu la azaumoyo mkulu wawo analamula kuti zithunzi zonse za odwala zichotsedwe, ndipo anatulutsamo omwe sagwiranso ntchito m'deralo.

Chovuta chinali bwalo. Tinakhala pakhomo pa anyakwawa, ankhoswe a mbali zonse alipo. Ndinapempha namwino wachikulire, wochokera chigawo chomwecho, kuti afotokoze za kutupa. Sananyoze za tsempho, ndipo anachita bwino, chifukwa ukanyoza chikhulupiriro cha munthu pagulu amatseka makutu. Anangofunsa agogo kuti mwanayo ankadya chiyani kuyambira Disembala. Yankho linali phala la mgaiwa lothira mchere, nthawi zina nsima ya ndiwo zamasamba, popanda nsinjiro, nyemba, usipa kapena dzira, ndipo anali atangodwala m'mimba. Namwino anati ana otere amawaona chaka ndi chaka nyengo ino, ngakhale a makolo okhulupirika, ndipo kutupa kumaphwa ndi chakudya cha kuchipatala. Za ndalama zinapezeka kuti bambo ankatumizadi, koma pakhomopo pamadya anthu 9 ndipo chimanga chinali chitakwera mtengo. Sindinganame kuti onse anakhutira. Alongo a mkazi anangokhala chete.

Mkulu wina wa bungwe lija anabwera kudzapepesa, anakhala pamphasa ndipo analankhula mwaulemu. Atamaliza, mnyamata yemwe anabwera naye anatulutsa foni kuti ajambule msonkhanowo, ati ukhale umboni ku ofesi woti kupepesa kwachitika. Anyakwawa anaseka mpaka misozi. Foni inabwerera m'thumba.

Bambo a mwana anafunsa funso lomwe linalibe woyankha: "Mwapeza ndalama zingati ndi nkhope ya mwana wanga, ndipo zake ndi ziti?" Ndinawafotokozera kuti ali ndi ufulu wokadandaula ku MACRA kapena ku Malawi Human Rights Commission, komanso kuti ku Legal Aid Bureau angapeze uphungu wa zamalamulo ngati akufuna chipepeso. Anati aganiza kaye. Mkazi wake sankafuna kuti nkhani ipitirire, poti kwa iye bwalo lililonse latsopano ndi manyazi atsopano.

Za mlangizi, ndi za ife tonse

Ena ankafuna kuti mlangizi alandire chilango. Ine ndinakana kuika zimenezo mu lipoti langa. Iye ndi wapansi pa onse omwe analipo tsikulo. Alendo anabwera ndi kalata yochokera kumwamba, ndipo iyeyo anaphunzitsidwa kuyeza ana, kupereka katemera ndi kulemba kaundula, osati kukaniza bwana kujambula. Komanso tisanamizane, ntchito zathu zambiri masiku ano zimayendera zithunzi. Ukachititsa msonkhano, akufuna chithunzi. Ukagawa katundu, chithunzi cha wolandira atanyamula thumba. Nyengo ya Khirisimasi akuluakulu amalowa m'zipinda za ana odwala ndi mphatso, makamera ali pambuyo, ndipo mayi wogona pansi pafupi ndi bedi la mwana wake safunsidwa kanthu. Kusukulu za mkombaphala ana amajambulidwa makapu ali m'manja makolo ali kumunda. Inenso ndajambulapo zotere zambirimbiri. Opereka ndalama ali ndi chifukwa chofunira umboni, poti katundu wa anthu osauka wakhala akusowa. Koma umboni woti chiponde chafika ungakhale katoni, siginecha ya komiti ndi chiwerengero cha ana. Nkhope ya mwana wodwala siwonjezerapo kanthu pa umboniwo, imangogwira mtima wa woona.

Pasikelo imeneyi tinagwirizana zosintha zingapo, ndipo chachikulu ndi nthawi yopempha chilolezo chojambula. Tsopano munthu amayamba walandira zonse zomwe wabwerera, n'kuziika m'chitenje, kenaka m'pamene amapemphedwa, pambali, ndi munthu yemwe sagawa nawo katundu. Pempho limakhala m'Chichewa ndipo limayamba ndi mawu oti mukakana palibe chomwe mutaye. Wopemphayo amatsegula foni n'kuonetsa kholo momwe tsamba la Facebook limaonekera, kuti limvetse kuti achibale a ku Johannesburg ndi apongozi a kutsidya akhoza kuchiona. Mwana wosavala sajambulidwa, kabuku ndi kaundula zimakhala kutali, ndipo chithunzi chikajambulidwa mwini wake amachiona kaye. Inki ya fomu ya zithunzi tinaichotsa patebulo logawira. Pofunsa nzeru kwa dokotala, mlangizi amajambula phazi lokha, atauza kholo chifukwa chake, n'kutumiza kwa munthu mmodzi, osati pagulu.

Tinkaopa kuti aliyense azikana, koma sizinatero. Ena amakanadi, ndipo ndi bwino. Ambiri amavomera, koma amati mubwere sabata yamawa mwana atasamba, kapena dikirani achire kaye. Anthu athu amakonda zithunzi. Ndi omwe aja ankatchena pa Khirisimasi kudikira wojambula wa panjinga. Mayi wina anavomera pokhapokha atalonjezedwa kuti chimodzi chitsukidwa n'kumupatsa kuti akapachike kunyumba.

Pomwe nkhani ili tsopano

Mwana anachira. Kutupa kunaphwa, lamba wa mkono anafika pobiriwira ndipo anatulutsidwa m'ndondomeko ya chiponde. Banja lilipo, ngakhale bambo amati akapita kumudzi sakhalitsa pabwalo ndi alamu awo monga kale. Mayi anayambiranso kupita kusikelo, koma mayi wodzipereka uja akuti amakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo galimoto ikangoima amam'funditsa mwana chitenje kumutu.

Fayilo ndinali nditatsala pang'ono kuitseka pomwe bambo anandiimbiranso mwezi wathawu. Chithunzi chija achionanso, ulendo uno patsamba la munthu wosadziwika yemwe akupempha ndalama za ana amasiye, nambala ya foni ili pansi. Mwana yemwe makolo ake onse ali moyo walembedwa kuti ndi wamasiye. Tachita lipoti kwa eni Facebook ndipo nambalayo taipereka kupolisi. Tikudikira.